Mawu a Amuna Anga Anagawidwa Pawiri

Ine ulendo sindiukonda. Ndine telala, ndipo ntchito yanga imafuna munthu wokhala pansi, mapazi pa makina. Chimwalirire amuna anga a Enock pa ngozi ya minibasi m'mapiri a pamsewu wa ku Lusaka, ndinali ndisanakwerenso galimoto yopitirira pa Rufunsa. Ulusi ndi nsalu ndinkatuma anzanga. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene anandidzutsa pampando anali apongozi anga.

Anali atagonekedwa m'chipatala kwathu ku Mpanshya. Matenda a shuga anali atawatha maso kalekale, ndipo tsopano anali atayamba kukana chakudya. Tsiku lina ndikuwapukuta kumaso anandigwira dzanja n'kundiuza kuti aiwala mawu a mwana wawo. Ankati akayesa kuwakumbuka amangomva mawu a mwana wawo wamkulu, a Lameck, basi.

"Ndimumveko kamodzi chabe, amake Dalitso," anatero. "Ngakhale akambe zopanda pake."

Ndinawalonjeza msanga, poganiza kuti n'zosavuta. A Enock anali wojambula vidiyo. Rufunsa italandira boma lakelake ntchito inawachulukira, maukwati, zikondwerero za kusukulu, ubatizo, kulikonse anali komweko ndi kamera paphewa. Foni yawo inatayika pangozi paja, koma ndinati m'ma DVD a anthu mawu awo sangasowe. Ndinayenda khomo ndi khomo kubwereka maukwati a eni ake, ndipo ndinaonera akwati ambiri kuposa wansembe. Mawu a amuna anga munalibe ngakhale chifuwa chokha. Munthu amene pakhomo sankatseka pakamwa, pantchito ankadula mawu ake onse n'kuikapo nyimbo, akuti kasitomala sanabwere kudzamvera wojambula. Mawu awo anatsala m'zojambula zosakonza, ndipo zimenezo zinali mu kompyuta.

Kompyutayo inagawidwa pamaliro. Tsiku logawa katundu wa malemu aliyense wa kubanja amayenera kupita ndi kanthu, ndipo kwa akuluakulu aja kompyuta sinali chinthu chimodzi koma mulu wa zinthu. Sikirini inapita kwina, kiyibodi kwina. Bokosi lalikulu anapatsa Kelvin, mwana wa mlongo wawo wa a Enock, amene ali ndi shopu yometera ku Chinyunyu. Kabokosi kakang'ono kakuda kamene kankakhala pambali pake anatenga a Lameck kupita nako ku Shikabeta. Ine ndinkadziwa kuti ziwirizo zimayendera limodzi, chifukwa a Enock ankakuwa ndikangokasuntha posesa. Koma namfedwa pa tsiku limenelo amakhala mutu pansi, pakamwa potseka.

Ndinaimbira a Precious, mayi wa ku Lusaka amene anawagulitsa a Enock kompyutayo n'kuwalumikizira zonse. Anandiuza kuti m'bokosi lalikulu muli disiki yosungiramo mavidiyo, m'kabokosi muli inzake, ndipo ziwirizo anazimanga kuti zizigwira ntchito ngati imodzi. Kumanga kumeneko amati RAID. Vidiyo iliyonse imadulidwa tizidutswa, kena kupita ku disiki iyi, kotsatira ku inayo, monga munthu wotola mtedza akuponya m'matumba awiri mosinthanitsa. Imodzi ikasowa, inzakeyo ilibe ntchito. Anandilamula kuti ndibweretse zonse ziwiri, wina aliyense asaziyatse, ndipo ndisazigwedeze, chifukwa mkati mwa disiki muli timbale tosachedwa kukalika.

Ndinasiya apongozi m'manja mwa mlamu wanga Violet, mayi ake a Kelvin, n'kulawira mmawa panjinga yamoto kupita ku Shikabeta. Inali nthawi yoyamba mvula, mitambo ikuyendayenda osaganiza bwino. Msewu sindinauone kwenikweni. Maganizo anga anali pa a Lameck, munthu wa mawu ochepa ndi olemera, komanso pa mwambo wa kubanja kwawo wakuti chogawidwa pamaliro sichibwerera kumene chinachokera. Amati ukachibweza wabweza maliro. Ndipo mkazi wamasiye wopempha katundu wogawidwa amatchuka msanga, dzina lake limafika kuchitsime iye asanafike kunyumba.

Ndinawapeza akusema mpini. Ndinakhala pansi chapatali, tinapatsana moni wonse mpaka wa mbuzi, kenako ndinanena chimene ndinabwerera. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinayamba kubwereza zomwezomwezo. Atayankha anati sizingatheke, ndipo ine ngati munthu wamkulu ndikudziwa chifukwa chake. Anapitiriza kusema. Ndinakhalabe pomwepo.

Patapita nthawi anafunsa osandiyang'ana. "Amai adya?"

"Sadya, alamu."

Anaika mpini pansi n'kulowa m'nyumba. Atatuluka ndi kabokosi kaja anandipatsa malamulo: kasalowe m'nyumba mwanga ngakhale pakhonde, ndipo ndidzakabweze ndi manja anga. Ndinavomera zonse ndikuwomba m'manja. Nditakalandira ndinakatembenuza. Pakona pake panali zokalika za mpeni. A Lameck ankayesa kuti ndi sipika, ndipo itakana kuimba anafuna kuona chomwe chavuta mkati. Anati mpeni unalephera ndipo anangokasiya pamwamba pa kabati. Chingwe chake tinachipeza chitamanga chitseko cha khola la nkhuku, chitatafunidwa ndi dzuwa ndi mvula. Ndinachimasula ndithu n'kuchiika m'chikwama, ndipo akazi awo anamangapo luzi.

Kabokosi ndinakakulunga m'juzi, kenako ndinakabereka kumbuyo ndi chitenje. Panjinga ndinkadzuka pang'ono pa bampu iliyonse kuti mawondo anga alandire nkhonya m'malo mwa disiki. Woyendetsa ndinamuvutitsa kwambiri. Akawonjezera moto ndinkamutsina m'nthiti, mpaka anandiuza kuti tikayenda chonchi tidzafika Khirisimasi itapita. Pa kamtsinje kena gudumu linaterereka pamwala, njinga inapendekeka, ndipo ndinadzipeza nditagwada m'madzi manja onse ali kumbuyo. Bondo linachubuka koma chitenje sichinanyowe. Mnyamatayo anandiyang'ana ngati wamisala, ndipo sindinamutsutse.

Pa msewu wa tala tinafika dzuwa litapendeka. Mabasi akuluakulu ochokera ku Chipata ankangodutsa ndi mphepo yawo, osayang'ana n'komwe anthu a m'mbali mwa msewu. Ndinakhala pamthunzi pafupi ndi amayi ogulitsa masuku ndi bowa. Mmodzi wa iwo anandiyang'anitsitsa, kenako anayamba kundikalipira kuti ndine mayi wotani wofunditsa mwana kumutu kutentha konseku, mwana mpaka wasiya kulira. Nditamuonetsa kuti si mwana, anasuzumira, anaona chinthu chakuda chokulungidwa m'juzi, ndipo ananyamula beseni lake n'kukakhala tsidya lina la msewu. Sindinamufotokozere. Ndinali ndi njala, bondo likuwawa, ndipo minibasi iliyonse imene inkabwera inali yodzaza mpaka pakhomo.

Imene inaima pomaliza inali yokalamba, yonunkha makala ndi nsomba zouma. Anandipanikiza pakati pa bambo wina wonyamula tambala ndi mayi wonenepa wogulitsa salaula, zovala za kaunjika. Sindikanatha kutsamira, choncho ndinakhala chowerama, kabokosi kakundikanikiza msana. Tinadutsa pa Rufunsa n'kuyamba kukwera ndi kutsika. Malo enieni amene amuna anga anafera sindiwadziwa, sindinafune kuti andionetse. Chifukwa cha zimenezo kona iliyonse inali yomweyo. Tikakhota ndinkati ndi pano, tikapitirira ndinkati ayi, ndi kutsogoloku. Ndinatseka maso, koma zinali zoipa kuposa kuona.

Pa chitunda china chachitali injini inayamba kutsokomola, fungo la chinthu chopserera linadzaza m'galimoto, ndipo tinaima pakati pa phiri. Kondakitala anadumpha n'kuthamangira mwala woika kugudumu. Mwalawo usanafike galimoto inabwerera m'mbuyo pang'ono, pang'ono ndithu, koma mayi wa salaula anayamba kupemphera mokweza, akudzudzula mzimu wa ngozi m'dzina la Yesu, tambala nayenso akuthandizira. Ine wa Katolika ndinangogwira kolona m'thumba, mawu a pemphero atandithawa onse. Ndinkaopa kufa, sindibisa. Koma chimene chinkandiopsa kwambiri chinali chakuti ndingafe nditabereka theka la mawu a Enock, theka lina lili ku Chinyunyu, mayi ake akudikira.

Tinatsika tonse. Dalaivala anati injini yatentha ndipo madzi alibe, choncho kondakitala ananyamuka ndi chigubu kukafuna mtsinje. Tinadikira. Malole odutsa ankalira ngati akukoka phiri lenilenilo. Foni inalibe netiweki. Anthu anagawana masuku, bambo wa tambala anagona pa udzu chipewa kumaso, ine ndili chiimire chifukwa ndinkaopa kukhala pansi mwamphamvu. Kondakitala atabwera, madzi anathira theka, theka lina anamwa iye ndi dalaivala.

Titatuluka m'mapiri foni inalira motsatizana, kundiuza kuti Violet wandiimbira kangapo. Ndinaiyang'ana ngati njoka. Munthu wodwazika matenda akaimba kangapo, nkhani yake imadziwika. Ndinadikira mpaka mayi wa salaula anandigunda ndi chigongono kuti ndiimbe, nkhani siisintha chifukwa choti waiopa. Violet anayankha akutafuna chinachake, n'kufunsa kumene ndinaika chitenje chochapa cha amayi. Ndinatsala pang'ono kumutukwana mlamu wanga pamaso pa anthu. Anati amayi ali chimodzimodzi, amwako tiyi pang'ono, ndipo afunsa ngati ndafika.

Ku Chinyunyu ndinatsika dzuwa likulowa. Shopu ya Kelvin ili m'mbali mwa msewu, ndipo nyimbo zake zimamveka munthu usanaione. Bokosi lalikulu linali pansi pa shelefu, litakutidwa ndi tsitsi la makasitomala. Kelvin ndi munthu wamkulu, wa banja lake, dikoni kutchalitchi kwawo, ndipo za kubweza maliro sasamala. Anavomera ndisanamalize n'komwe kupempha. Kuvomera kwakeko ndiko kunandidetsa nkhawa, chifukwa ankalankhula akuyang'ana makina ometera. Ndinamufunsa ngati anaiyatsapo. Anakanda kumutu. Anati anabwereka sikirini kwa mnzake kuti aziikamo nyimbo, inayaka bwinobwino, kungoti tsiku ndi chaka zinali zolakwika. Kenako pa sikirini panatuluka kabokosi ka mawu kofunsa za disiki.

"Inalemba kuti Format, na pambali Cancel," anatero. "Ninatinika kamozi, ba anti, koma sinikumbuka ni iti."

Ndinaimbira a Precious pomwepo n'kuwauza. Anati Format ndiko kufufuta zonse, Cancel ndiko kukana, ndipo sangadziwe kanthu mpaka ataiona. "Bwelani nayo chabe, mama," anatero. Ndinagona kwa Kelvin komweko. Mkazi wake anandiphikira bwino, koma chakudya chinkangozungulira m'kamwa, ndipo Kelvin sindinamuyankhule mpaka kunacha.

Mmawa kunadzuka ndi mvula yowaza. Kondakitala wa minibasi ya ku Lusaka anangoti bokosi gwi, kulunjika nalo kungolo ya kumbuyo kumene kunali matumba a makala ndi mabokosi a tomato. Ndinamuthamangira n'kulilanda. Tinakangana mpaka ndinalipira mipando iwiri, ndipo kompyuta inakhala pawindo, pa pilo wa mkazi wa Kelvin, ngati bwana wopita ku msonkhano. Anthu anaseka, wina anafunsa ngati bwanayo amwa tiyi. Kuseka kunatha windo litayamba kudontha. Ndinavula chitenje chapamwamba n'kufunditsa bokosi, kenako ndinatsegula ambulera m'galimoto momwemo. Amene anali kumbuyo kwanga anadandaula kuti ndiwabaya m'maso, ndipo ndinawauza kuti atseke masowo.

Chakufupi ndi Chongwe tinaima pa rodibuloko. Wapolisi anazungulira galimoto, anaona ambulera, n'kufunsa mwini wa katundu wofundayo. Atavundukula anafunsa risiti. Anati makompyuta akubedwa kwambiri masiku ano ndipo sangangoisiya idutse. Risiti ndinalibe, mwina inagawidwanso pamaliro. Anandiuza kuti nditsike nayo. Ndinaona ulendo wanga wonse ukuthera pansi pa mtengo, kompyuta itatsekeredwa m'chipinda china, ine ndikubwerera kwa apongozi manja ali lende. Ndinayamba kufotokoza, koma nkhani yanga inali yaitali ndipo ndinaiyambira pakati. Anthu m'galimoto anayamba kung'ung'udza kuti achedwa.

Wapolisi anafunsanso chimene ndabereka. Ndikumasula chitenje pang'onopang'ono, kondakitala anatopa nane. Anatsomphola kabokosi m'manja mwanga, anakakweza kukhutu kuti akagwedeze amve chili mkati. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwanga sindinawadziwe. Chifereni amuna anga ndinali ndisanakuwepo munthu, koma tsiku limenelo ngakhale ogulitsa chimanga chowotcha anatembenuka. Kondakitala anauma dzanja lili m'mwamba, ndipo ndinakatenga ndi manja awiri. Kenako ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina, pamaso pa galimoto yonse.

Wapolisiyo anali munthu wodekha. Anadikira ndimalize, anapempha nambala ya amene anagulitsa kompyutayo, n'kuimba yekha. A Precious anamuwerengera nambala yolembedwa kumbuyo kwa bokosi kuchokera m'mabuku awo, iye akutsatira ndi chala. Zitagwirizana anandithandiza kuikweza pa pilo wake. Kuchoka pamenepo mpaka mu Lusaka palibe anadandaulanso za ambulera.

Mu tauni ndinasenza bokosi pamutu, kabokosi kumbuyo, ndikukana anyamata a mawilibala amene ankandikoka uku ndi uku. Shopu ya a Precious inali kakhonde kopapatiza kuseri kwa ogulitsa zikwama za mafoni. Ndinawapeza atakhala pakhomo akudya chinangwa, mayi wamfupi wa magalasi, ndipo m'shopu muli mdima. Magetsi anali atazima kuyambira mmawa. Anati mwina abwera masana, mwina madzulo, zimenezo amadziwa ndi Mulungu. Ndinatula katundu n'kukhala pa kreti, mphamvu zonse zitatha.

Podikirapo anatsegula bokosi lalikulu. Munatuluka tsitsi lokwanira kuluka wigi. Analipukuta, kenako anandionetsa kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Anati kameneka ndi kamene kamathandiza kompyuta kukumbuka malangizo ake ikazimitsidwa. Kanatha mphamvu kompyuta itakhala nthawi yaitali osalumikizidwa, ndiye inaiwala tsiku, inaiwala kuti madisiki aja ndi omangidwa pamodzi, n'kutsekanso kabowo ka kumbuyo kolowetsa chingwe cha kabokosi. N'chifukwa chake inaona disiki ya mkati ngati chinthu chosamveka n'kufunsa Kelvin ngati aifufute. Anaikamo kabatire katsopano. Chingwe cha kukhola la nkhuku anachiyang'ana kamodzi n'kuchiponya m'bini, ndipo anatulutsa china m'dirowa pamodzi ndi cha magetsi.

Kenako tinangokhala. Ndinawafunsa kangapo ngati akuganiza kuti Kelvin anafufuta, ndipo nthawi zonse ankayankha kuti tidikire. Foni ya munthu wina aliyense ikalira m'khondemo, ndinkasuzumira yanga. Violet anatumiza uthenga wakuti lero amayi sanamwe ngakhale tiyi. Ndinawerenga n'kuika foni chafufumimba pa bondo.

Magetsi anabwera masana, ndipo khonde lonse linafuula ngati kwagoletsedwa chigoli. A Precious analumikiza kabokosi, anakayatsa, n'kuika khutu pafupi. Kanalira pang'ono ngati njuchi ili m'botolo, ndipo anati ndi kulira kwabwino, mpeni wa a Lameck sunafike patali. Atayatsa kompyuta anayamba kumenya batani limodzi mobwerezabwereza mpaka panatuluka tsamba lotuwa lodzaza mawu. Anati kumeneku ndi ku BIOS, kumene kompyuta imasunga malangizo aja. Anatsika ndi mivi mpaka pamzere wonena za madisiki. Panalembedwa AHCI, ndipo anasintha kuti pakhale RAID. Anasunga, kompyuta inazima n'kudziyatsanso.

Panabwera tsamba lakuda la mizere yochepa. Chizungu changa ndi cha patelala, koma mawu ofiira ndimawadziwa, ndipo liwu lakuti Failed ndinaliwerenga ndekha. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kukonza zokanena kwa apongozi, ndipo palibe chimene chinkakhala bwino. Pansi pa mawu ofiirawo panali mizere ina yosankha, ndipo dzanja langa linapita lokha kuloza, kuti mwina tiyese iyi. A Precious anandimenya padzanja ngati mwana wofuna kugwira mbaula.

"Apo musagwile, mama. Iyo ipanga vatsopano, iyo ifuta. Mukatinika apo ninshi mwamusiliza mweka."

Anati kompyuta yakumbuka tsopano kuti payenera kukhala madisiki awiri, koma ikuona imodzi chifukwa kabowo ka kumbuyo kadakali kotseka. Anabwereranso ku BIOS, anafufuza tsamba lina, n'kupeza kamzere kolembedwa eSATA, kabokosi ka pambali pake kali kopanda chizindikiro. Anakachonga. Anasunga, anazimitsa zonse, anakankhanso chingwe kuti chilowe bwino, n'kuyatsa kabokosi kakuda kaja poyamba, kompyuta pambuyo. Ine ndinayang'ana kudenga.

Anandigwira paphewa kuti ndione. Madisiki anali awiri, ndipo pamene panali pofiira panali pobiriwira. Ndinafuna kuwomba m'manja, koma anati tisafulumire, za Kelvin sitinazione. Kompyuta inatenga nthawi yake kuti itseguke, ikuzungulitsa kampira kake ngati ilibe kopita. Itatseguka a Precious anadina pa disiki ija. Sinafunse funso lililonse. Panatsika mafoda ambirimbiri, lililonse lili ndi dzina la ukwati wa munthu, olembedwa m'kalembedwe ka a Enock kosasamala zilembo zazikulu. Kelvin anali atakana. Ndinamukhululukira pomwepo, ngakhale kuti mpaka lero sindinamuuze.

Anandipatsa mahedifoni kuti ndimvere, koma ndinakana. Ndinkadziwa kuti ndikawamva amuna anga m'kakhonde kameneko sindidzukanso pa kreti, ndipo basi inali kundidikira. Ndinawapempha amvere okha. Anatsegula vidiyo imodzi, anamvetsera, n'kuyamba kuseka, akuti munthuyu ankalongolola bwanji. Ndinaloza mafoda a maukwati a pachibale, ndipo anakopera mavidiyo angapo pa memori kadi ya foni yanga. Anati mabokosi onse awiri ndiwasiye kuti asamutsire zonse pa disiki imodzi asanasiyanenso, ndidzawatenge pambuyo pake. Ndinaganiza za a Lameck, koma lamulo lawo linali la nyumba yanga, osati la shopu ya ku Lusaka.

Pobwerera ndinakwera basi yaikulu ya ku Chipata. Msana unali wopepuka mpaka ndinkangoufufuza ndi dzanja. Mapiri aja tinawadutsa, ndipo ndinaopanso, koma tsopano ndinkaopa kuti dalaivala akuyenda pang'onopang'ono. Netiweki itasowa ndinakhala nditafumbata foni ndi manja awiri. Itabwerera panalibe uthenga uliwonse, ndipo sindinadziwe ngati zimenezo zinali zabwino. Ndinatsika pa mphambano ya ku Mpanshya kukuyamba kuda, ndinakwera njinga yoyamba imene ndinaiona, ndipo woyendetsayo sindinamutsine.

Mu wodi ndinalowa ndi fumbi langa lomwelo. Violet anali atakhala pamphepete pa bedi, maso atatupa. Anandinong'oneza kuti chiyambire mmawa amayi sanalankhule, akawaitana sakuyankha. Apongozi anali atagona chagada, ataonda kuposa mmene ndinawasiyira, duku litapendekeka mpaka pakhutu. Ndinawauza kuti ndabwera naye mwana wawo. Sanagwedezeke.

Ndinatsegula vidiyo yoyamba imene chala chinagwera n'kuika foni pafupi ndi pilo. Munatuluka phokoso la ukwati, ng'oma, nthungululu, mphepo ikuwomba pa maikolofoni. Kenako, pafupi kwambiri ngati ali m'chipinda momwemo, a Enock anayamba kukalipira ana kuti achoke kutsogolo kwa kamera. Violet anatseka pakamwa ndi chitenje. Ine ndinagwada pansi, dzanja lokha lili m'mwamba ndi foni. Odwala a m'mabedi ena anasiya kulankhula. A Enock anadandaula za dzuwa, anafunsa wina ngati nkhuku yatsala, anaseka nthabwala yawo yomwe. Apongozi anali chigonere, ndipo ndinayamba kuopa kuti ndachedwa, kuti makutu nawonso atseka.

Kamera inayenda pakati pa anthu n'kukaima pa amayi okhala pamphasa. Mawu aja anatsika, anafewa.

"Amai, yanganani kuno. Amai. Kuno, kuli ine."

Mutu wa apongozi unatembenuka pa pilo pang'onopang'ono mpaka nkhope inalunjika pa foni. Dzanja lawo linatuluka m'bulangete, linakwera, n'kukoka duku kuti likhale bwino pamphumi.

"Jambula msanga, iwe Enock," anatero. "Khosi likundiwawa."